Frederick Treves, Dokotala wa Matenda a M'mimba

Munthu akathyoka mwendo, ngakhale mwana amatha kuloza pamene pathyoka. Akadzitema ndi nkhwangwa, bala limaonekera poyera. Koma nthenda ya m'mimba imabisala. M'mimba muli chifu, chiŵindi, ndulu, kapamba, impso ndi matumbo, zonse zopanikizana malo amodzi. China mwa ziŵalo zimenezi chikadwala, wodwala amangomva kupweteka, osadziŵa chimene chalakwika. Pamenepo dokotala amakhala ndi mafunso aŵiri ovuta. Loyamba, kodi chiŵalo chadwala n'chiti? Lachiŵiri, kodi wodwalayo achitidwe opaleshoni msanga, kapena ayambe wadikira? Mmodzi mwa madokotala amene adalimbana ndi mafunso ameneŵa moyo wake wonse ndi Frederick Treves wa ku England.

Ubwana ndi maphunziro ake

Frederick Treves adabadwa pa 15 Febuluwale, 1853 m'tauni ya Dorchester, kummwera kwa England. Bambo ake ankakonza ndi kugulitsa mipando ya m'nyumba. Ali wamng'ono, Frederick adaphunzira pa sukulu ya William Barnes, mphunzitsi amene adalinso mlakatuli wotchuka. Atasinkhuka adapita ku London kukapitiriza maphunziro, ndipo pambuyo pake adaloŵa sukulu ya udokotala ya pa chipatala cha London Hospital. Adakhoza mayeso ake m'chaka cha 1875.

M'chaka cha 1877 adakwatira Ann Elizabeth Mason, ndipo aŵiriŵa adabereka ana aakazi aŵiri, Enid ndi Hetty. Poyamba Treves adagwira ntchito m'katauni ka Wirksworth, koma mtima wake udali pa ntchito ya opaleshoni. Motero m'chaka cha 1879 adabwerera ku London Hospital. Chipatala chimenechi chidali m'dera la anthu osauka, ndipo odwala ankadzaza m'zipinda zake usana ndi usiku.

Opaleshoni m'masiku amenewo

Pamene Treves ankabadwa, madokotala ankaopa kwambiri kutsekula mimba ya munthu wamoyo. Zoŵaopsa zidali ziŵiri. Choyamba chidali ululu. Kalekale munthu ankachitidwa opaleshoni ali maso, anthu amphamvu atamugwira manja ndi miyendo. Vuto limeneli lidayamba kutha m'chaka cha 1846, pamene madokotala a ku Boston, ku America, adaonetsa kuti mankhwala otchedwa ether amagonetsa munthu tulo tofa nato. Chaka chotsatira dokotala wina wa ku Edinburgh, dzina lake James Simpson, adayamba kugonetsa odwala ndi chloroform.

Chachiŵiri chidali kuola kwa mabala. Anthu ambiri ankadzuka bwinobwino opaleshoni itatha, koma patapita masiku oŵerengeka bala linkachita mafinya, thupi n'kutentha, munthu n'kumwalira. M'chaka cha 1867 Joseph Lister, amene ankagwira ntchito ku Glasgow, adafotokoza kuti chooletsa mabala ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Iye adaphunzitsa madokotala kutsuka manja, mipeni ndi mabala ndi mankhwala otchedwa carbolic. Njira imeneyi idachepetsa imfa kwambiri.

Choncho pamene Treves ankayamba ntchito, khomo la m'mimba lidali litangotseguka kumene. Komabe kudalibe makina ounikira m'kati mwa thupi. Kudalibenso mankhwala opha tizirombo taloŵa kale m'magazi, ndipo njira yabwino yothira magazi munthu amene wataya magazi ambiri idali isanadziŵike. Dokotala ankadalira makutu ake pomva zonena wodwala, maso ake poona nkhope ndi lilime, ndiponso zala zake popapasa mimba.

Treves aphunzira matumbo

Treves adaona kuti munthu sangakonze chinthu chimene sachidziŵa bwino. Motero adayamba kufufuza mmene matumbo akhalira m'mimba. Adatsekula ndi kupima mitembo 100, nalemba mosamala utali wa matumbo ndi malo a chiŵalo chilichonse. Ankapitanso kumalo osungirako nyama zakutchire mu London, kukapima matumbo a nyama zimene zafa, kuti aŵayerekeze ndi a munthu.

M'chaka cha 1884 adatulutsa buku lonena za kutsekeka kwa matumbo. Nthenda imeneyi imadza thumbo likapotoka, likapanikizika, kapena likaloŵa m'kati mwa thumbo linzake monga umachitira mkono wa malaya ukapindikira m'kati. Zikatero chakudya ndi mpweya sizidutsa. Mimba imatupa, wodwala amasanza ndipo sachita chimbudzi. M'bukumo Treves adalongosola mitundu ya nthendayi ndi zizindikiro zake, kuti madokotala azitha kuisiyanitsa. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 31, adakwezedwa kukhala mmodzi wa akuluakulu a opaleshoni pa chipatalapo.

M'chaka chomwechonso adakumana ndi Joseph Merrick, mnyamata amene khungu ndi mafupa ake zidakula mopunduka kwambiri. Anthu ankalipira ndalama kuti akamuone, namamufanizira ndi njovu. M'chaka cha 1886 Treves adamulandira m'chipatala, ndipo akuluakulu a chipatalacho adamupatsa zipinda zokhalamo. Treves sadathe kumuchiritsa, koma ankacheza naye kaŵirikaŵiri monga bwenzi mpaka Merrick adamwalira mu 1890.

Kathumbo kakang'ono koma koopsa

Nthenda imene idatchukitsa Treves ndi ya kathumbo kotchedwa apendikisi. Kathumbo kameneka kali kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja, pafupi ndi pamene matumbo aang'ono akumana ndi thumbo lalikulu. Kukula kwake kuli ngati chala, ndipo n'kotseka kunsonga ngati kathumba. Kukamwa kwake kukatsekeka, tizirombo timaswana m'katimo. Kathumboko kamatupa, n'kudzaza mafinya. Pakapita masiku aŵiri kapena atatu kangathe kuphulika.

Kakaphulika, pamachitika chimodzi mwa zinthu ziŵiri. Nthaŵi zina matumbo ndi mafuta a m'mimba amazinga malowo, mafinya n'kuunjikana pamodzi ngati chithupsa. Nthaŵi zina mafinyawo amamwazikira m'mimba monse, n'kutupitsa nembanemba yopyapyala imene imakuta ziŵalo za m'mimba. Kale zikafika pamenepa, odwala ambiri ankamwalira.

Nthendayi ndi yovuta kuizindikira chifukwa siyamba kupweteka pamene pali kathumboko. Kaŵirikaŵiri ululu umayambira pa mchombo. Wodwala safuna kudya, amamva nseru, ndipo thupi limatentha pang'ono. Pakapita maola angapo m'pamene ululu umatsikira kumunsi, mbali ya kumanja. Tsono zizindikiro zoyambazo zimafanana ndi za matenda ena ambiri, monga njoka za m'mimba, miyala ya mu impso, kapena kudya chakudya choonongeka. Chosokoneza china n'chakuti kathumboko kakangophulika, ululu umatha kuchepa kwa kanthaŵi, anthu n'kumaganiza kuti wodwala akupeza bwino, pamene ngozi yafika pachimake.

Kufulumira kapena kudikira?

Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti nthendayi imayambira m'thumbo lalikulu. M'chaka cha 1886 Reginald Fitz, dokotala wa ku Boston, atafufuza mbiri ya odwala 257, adaonetsa kuti gwero lake ndi apendikisi. Iye adalangiza kuti kathumboko kazichotsedwa msanga kasanaphulike. Mu 1889 Charles McBurney wa ku New York adaloza malo enieni amene amapweteka kwambiri dokotala akadinikiza ndi chala. Malowo ali pakati pa mchombo ndi fupa la chiuno la kumanja, kufupi ndi fupalo, ndipo mpaka lero madokotala amaŵatchula ndi dzina lake.

Treves adachotsa apendikisi koyamba m'chaka cha 1888, ndipo adali mmodzi mwa madokotala oyambirira ku England kuchita zimenezi. Koma maganizo ake adali osiyana ndi a madokotala a ku America aja. Iye adaona kuti odwala ambiri ankapeza bwino okha akagona masiku angapo, ngakhale kuti nthendayo inkaŵabwereranso. Adaonanso kuti kung'amba mimba pamene matumbo ali otupa kunkatha kumwaza mafinya. Motero ankaphunzitsa kuti kaŵirikaŵiri ndi bwino kudikira kuti nthenda izizire, kenaka n'kuchotsa kathumboko wodwala atapezako mphamvu. Kwa iye, kuona maso a nkhono kudali kudekha.

Njira imeneyi idathandiza anthu mazanamazana amene iye adaŵachita opaleshoni. Koma idali ndi ngozi yake. Palibe dokotala amene akadatha kudziŵiratu kuti mwa odwala onse, ndani adzazizira yekha, ndipo ndani kathumbo kake kadzaphulika usiku womwewo.

Ku nkhondo ndi chisoni cha kunyumba

M'chaka cha 1899 kudabuka nkhondo ku South Africa pakati pa Angerezi ndi Mabunu. Treves adadzipereka kupita kumeneko. Adagwira ntchito m'chipatala cha matenti chimene chinkatsata asilikali pa ulendo wawo wopita ku Ladysmith. Kumeneko madzi abwino adali osoŵa, fumbi ndi ntchentche zili ponseponse, ndipo ovulala ankafika mochedwa. Asilikali ambiri oomberedwa m'mimba amene adachitidwa opaleshoni m'malo otere adamwalira. Chifukwa cha ichi, madokotala a kunkhondoko ankasankha kaŵirikaŵiri kungoŵagoneka osaŵang'amba.

Treves adabwerera kwao m'chaka cha 1900, ndipo chaka chomwecho tsoka lidagwa m'nyumba mwake. Mwana wake wamng'ono Hetty, mtsikana wa zaka pafupifupi 18, adadwala m'mimba. Nthenda yake idali yomwe ija ya apendikisi. Pamene zidadziŵika bwino kuti vuto ndi limeneli, mafinya adali atamwazikira kale m'mimba monse, ndipo palibe amene akadatha kumupulumutsa. Hetty adamwalira. Munthu amene ankadziŵa nthendayi kuposa madokotala ambiri a m'dziko lake adataya mwana wake ndi nthenda yomweyo. Izi zikusonyeza kuvuta kwa matenda a m'mimba, pakuti amatha kubisala ngakhale kwa katswiri.

Mfumu idwala

Mfumukazi Victoria itamwalira mu Januwale, 1901, mwana wake Edward VII adaloŵa ufumu. Panthaŵiyo dziko lino la Malaŵi lidali pansi pa ulamuliro wa Angerezi, kotero iyi idali nkhani yokhudzanso kuno. Mwambo woveka mfumu chisoti chaufumu udakonzedwa kuti uchitike pa 26 Juni, 1902 m'tchalitchi cha Westminster Abbey. Alendo olemekezeka adabwera ku London kuchokera ku maiko ambiri. Misewu idakongoletsedwa ndipo chakudya cha phwando chidali kukonzedwa.

Kutatsala masabata aŵiri, mfumu idayamba kumva kupweteka m'mimba ndi kutentha thupi. Madokotala ake adaitana Treves, amene chaka chapitacho adali atalandira ulemu wotchedwa Sir. Patapita masiku angapo mfumu idaoneka ngati ikupeza bwino, ndipo idanyamuka ku Windsor kupita ku London kukakonzekera mwambo. Koma itafika, ululu udabwerera mwamphamvu, ndipo kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja, kudali chotupa chomveka ndi dzanja.

Madokotala adasonkhana kuti apangane chochita. Pakati pao padali Joseph Lister uja, amene tsopano adali nkhalamba ya zaka 75. Nkhaŵa yao idali yaikulu. Mfumu idali ndi zaka 60 ndipo idali yonenepa kwambiri, kotero kuigonetsa tulo ndi kuing'amba kudali koopsa. Ikadafera pa tebulo, dziko lonse likadaloza chala madokotalawo. Koma kuisiya kudali koopsa koposa. Onse adagwirizana kuti nthaŵi yodikira yatha.

Poyamba mfumu idakana, chifukwa sidafune kukhumudwitsa anthu ake ndi alendo amene adayenda maulendo ataliatali. Treves sadaope ufumu wake. Adaiuza mosabisa kuti ikakana opaleshoni, moyo wake uli pangozi. Pomaliza mfumu idavomera, ndipo mwambo uja udaimitsidwa.

Pa 24 Juni, 1902, kutatsala masiku aŵiri kuti tsiku la mwambo lifike, chipinda china cha m'nyumba yachifumu ya Buckingham Palace chidasandutsidwa chipinda cha opaleshoni. Dokotala Frederic Hewitt adagonetsa mfumu. Treves adacheka mimba napeza chithupsa chachikulu. Mwamwayi thupi la mfumu lidali litazinga mafinyawo malo amodzi, osaŵalola kumwazika monga zidachitikira kwa Hetty. Treves adatulutsa mafinyawo, natsuka malowo, n'kuikapo timachubu kuti otsala azituluka. Kathumbo kenikeniko sadakachotse, pakuti kukafunafuna pakati pa matumbo otupa kukadaonjezera ngozi. Ntchito yonse sidakwane ola limodzi.

Tsiku lotsatira mfumu idatha kukhala tsonga pa kama. Chakudya chambiri cha phwando lija chidagaŵidwa kwa anthu osauka a mu London. Mfumu idachira, ndipo idavekedwa chisoti chaufumu pa 9 Ogasiti, 1902. Pothokoza, idaonjezera ulemu wa Treves ndipo pambuyo pake idamupatsa nyumba yokhalamo ku Richmond Park. Mbiri ya kuchira kwa mfumu idamveka m'maiko ambiri. Kuyambira pamenepo anthu amene kale ankaopa mpeni wa dokotala adayamba kulola opaleshoni ya apendikisi.

Masiku ake otsiriza

Ali ndi zaka pafupifupi 50, Treves adasiya ntchito ya opaleshoni. Adayenda m'maiko ambiri, kuphatikizapo Uganda, nalemba mabuku ofotokoza maulendo ake. Adathandizanso kukhazikitsa bungwe la British Red Cross m'chaka cha 1905, kuti lizisamalira ovulala pa nkhondo. Atakalamba, thanzi lake lidafooka, ndipo adakakhala m'mbali mwa nyanja ya Geneva.

Frederick Treves adamwalira pa 7 Disembala, 1923 mumzinda wa Lausanne ku Switzerland, ali ndi zaka 70. Nthenda imene idamupha idali kutupa kwa nembanemba ya m'mimba, nthenda yomwe adalimbana nayo mwa odwala ake kwa zaka zambiri. Mtembo wake udatenthedwa, ndipo phulusa lake lidaikidwa m'manda kwao ku Dorchester.

Zimene zasintha

M'kupita kwa zaka madokotala adaona kuti Reginald Fitz adanena zoona. Odwala amene kathumbo kao kachotsedwa kasanaphulike amachira msanga, ndipo omwalira amakhala oŵerengeka. Komabe nzeru ya Treves sidatayidwe yonse. Wodwala akafika mochedwa, mafinya ataunjikana kale malo amodzi, madokotala nthaŵi zina amayamba atulutsa mafinyawo ndi kupereka mankhwala, monga momwe Treves adachitira ndi mfumu.

Madokotala a lero ali ndi zida zimene Treves adalibe. Amapima magazi ndi mkodzo. Ali ndi makina ounikira m'mimba munthu osang'ambidwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, pamene penisilini adayamba kugwiritsidwa ntchito, pali mankhwala opha tizirombo m'thupi. M'zipatala zina amachotsa apendikisi pongoboola timabowo ting'onoting'ono ndi kuloŵetsa kamera m'mimba. Ngakhale zili choncho, nthendayi imasokonezabe madokotala nthaŵi zina, makamaka mwa ana aang'ono, nkhalamba ndi amayi oyembekezera. Dokotala amafunsabe pamene ululu udayambira, ndipo amapapasabe mimba ndi zala zake.

Chinthu chimodzi chimene dokotala sangathe kubweza ndi nthaŵi imene yatayika wodwala ali kunyumba. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau. Mwana akamva kupweteka m'mimba kosaleka kwa maola angapo, makamaka ululu ukatsikira kumanja, akamasanza, kapena mimba ikauma ndi kutupa, ayenera kuuza makolo kapena aphunzitsi nthaŵi yomweyo. Wodwala wotere asapatsidwe mankhwala otsekula m'mimba, ndipo asapotedwe pamimba, koma apite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Mafunso

1. Kodi Frederick Treves adabadwira kuti, ndipo adabadwa liti?
2. Tchulani zinthu ziŵiri zimene zinkaopsa madokotala kutsekula mimba ya munthu kalekale.
3. Kodi Joseph Lister adaphunzitsa madokotala chiyani?
4. Fotokozani mmene ululu wa nthenda ya apendikisi umayendera.
5. Kodi maganizo a Treves adasiyana bwanji ndi a Reginald Fitz?
6. N'chifukwa chiyani mfumu idakana opaleshoni poyamba?
7. Kodi chidasiyanitsa kudwala kwa mfumu ndi kudwala kwa Hetty n'chiyani?
8. Kodi mwambi woti zengerezu adalinda kwaukwau ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?